Mchere wa a Lukiya

Pa Nkaya pankamveka kuti mchere wa a Lukiya umapha amuna. Ife okalamba tinkaiseka nkhaniyi, koma akatiitanira chakudya kwawoko, aliyense ankakumbukira mwadzidzidzi kuti wadya kale.

A Lukiya ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wochokera kwa Kawinga, wogulitsa mchere ndi matemba pafupi ndi njanji. Amuna awo, a Hamadi, anali telala woonda ngati singano yawo yomwe. Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, tsiku lina anaimitsa makina, nagwira pachifuwa, nati mkono wamanzere wachita dzanzi. Pofika swala ya masana anali atapita. Osambitsa maliro ndiwo anatulutsa nkhani: kumtsempha wa kuchidendene kunali zotupa zolimba, zina pamfundo za zala, ndipo m'zikope munali timadontho tachikasu. Kutupa kukakumana ndi chifuwa, kwathu kuno dzina n'limodzi: mdulo, umene Ayao amati ndaka. Akuti mkazi akayenda njira zina n'kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna amadulika. Mlandu unatha wopanda bwalo.

A Lukiya sanakane, sanavomere. Koma kunyumba anasiyiratu kuthira mchere. Ankaphika ndiwo zosakoleretsa, n'kuika kambale ka mchere pambali kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Twalibu, azithira yekha. Anachita zimenezo zaka zisanu ndi zinayi, mpaka mnyamatayo anakula, nayamba kabaza, nakwatira.

Tsiku lina Twalibu akusamba mapazi kuti akaswali, mayi ake anaona zidendene. Zotupa zomwe zija. Atamufunsa bwino, anaulula kuti akamapalasa njinga pachitunda chifuwa chimamuthina ngati wina wamukhalira. Zaka zake zinali makumi awiri ndi zinayi basi.

Nkhani yotere siifuna basi kuti iyende. Mawa lake a Fauziya, mlongo wa malemu Hamadi, anatulukira kuchokera kwa Nsamala atamanga chitenje mwankhondo, kudzatenga Twalibu kuti akatemeredwe mphini asanathe.

“Alamu, mchimwene wanga munamumaliza. Tsopano mwayamba mwana?”

A Lukiya anawayang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma monga amayang'anira matemba ngati alowa anankafumbwe. M'zikope za alamu awowo munali chikasu.

“Alamu, tavulani silipasi tione zidendene zanu. Ndiwo zanga inu munalumbira kuti simudzadyanso. Nanga achimwene anu aakulu, a Sidik, amene anagwa ku Joni atagwira pachifuwa, ndinawatumizira mchere pa basi?”

A Fauziya anabisa mapazi m'chitenje. Pofika Lolemba onse atatu anali pamzere kuchipatala ku Balaka, osalankhulana. Magazi anatumizidwa ku Blantyre, ndipo anadikira masabata awiri, Twalibu atayedzeka njinga kukhoma, mayi ake akumuwerenga mpweya akakhala pansi.

Dokotala wake anali mtsikana, dzina lake Ethel, msinkhu woti tingamutume kumjigo. Ananena kuti magazi a Twalibu ndi a a Fauziya adzaza mafuta. Twalibu anaseka, nakweza malaya kuonetsa nthiti: mafuta angakhale pati pamunthu wotere, amene nyama amaiona pa Idi pokha? Dokotalayo sanaseke. Atamva kuti ndi a pa Nkaya, pamphambano ya njanji, anawapatsa fanizo la sitima, ndipo ngakhale ife a Sitandade 4 tinamva Twalibu atatifotokozera.

Akuti mafuta amenewa si a m'mbale okha, ambiri thupi limapanga lokha. Sangayende okha m'magazi, ndiye amapakiridwa m'timabogi ting'onoting'ono. Timabogito tikazungulira thupi, chiwindi chili ndi otsitsa katundu ake amene amatikoka n'kutichotsa m'magazi. Koma pali mabanja ena amene mwana amabadwa ndi theka chabe la otsitsawo. Mabogi amangozungulira osatsitsidwa, ndipo chiwindi, poona kuti katundu sakufika, chimapanganso wina. Mafuta otsalawo amakhuthukira m'njira: ena kuchidendene, ena m'zikope, ena m'mitsempha yodyetsa mtima. Kumeneko amaunjikana mwakachetechete, chaka ndi chaka, munthu akuseka, akukwatira, akupalasa njinga, kufikira tsiku limene njira yatsekeka. Kholo limodzi likakhala ndi vutoli, mwana aliyense amakhala ngati waponyeredwa ndalama yachitsulo, mutu kapena tambala, kutengera kapena ayi.

Dokotala anapatsa Twalibu ndi a Fauziya mapilitsi akumwa tsiku lililonse moyo wonse, ochepetsa mafuta amene chiwindi chimapanga kuti otsitsa ochepawo achuluke. A Lukiya anafunsa ngati zimene zaunjikana kale mumtima mwa mwana wawo zichoka. Dokotala anati sangalonjeze, koma abwera nthawi ikadalipo, ndipo khanda limene mkazi wa Twalibu akuyembekezera lidzayezedwe likadzakula pang'ono. A Fauziya anamanga mapilitsi awo pakona ya chitenje, osanena ngati akamwa.

Twalibu akumwa ake, ndipo pachitunda amatsika n'kukankha njinga. Pepala lachitatu la zotsatira za magazi linali la a Lukiya, ndipo magazi awo analibe vuto. Matendawa anachokera kwa a Hamadi, amene anabadwa nawo. Mchere wa a Lukiya sunaphe munthu.