Atsikana a pamzere ndinawaveka nsalu ya m'bokosi

Inu owerenga, musaone imvi zangazi n'kumati pano pali nzeru. Ine ndi uja ndinaveka atsikana operekeza mkwatibwi nsalu yoyala m'bokosi la maliro, pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Sekani ngati mukufuna, a ku Kawale anaseka kale mpaka nthiti kuwawa. Koma ine ndikakumbukira mtima umachita kuwira, ndipo ndimasowa woyamba kumutukwana.

Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangochuluka, aliyense akungoflasha mnzake. Tiyamike, mwana wa mlongo wangayo, anapeza mnyamata wa ku Area 25, ndipo ine monga malume ndinali nkhoswe. Komiti ya ukwati inkakumana pakhomo panga. Zinthu anaziyambitsa ndi mayi wina wodzimva wa ku Area 47, amene anabwera ndi chithunzi cha m'magazini n'kulamula kuti madiresi a atsikana akaodedwe ku Joni. Paja mukudziwa, mtsikana aliyense wa pamzere amadzigulira yekha diresi. Atamva mtengo wake, asuweni a Tiyamike a ku Chinsapo, ana ogulitsa mandasi, anayamba kujomba kophunzira masitepe. Tiyamike analira, ati sangavine ndi alendo okhaokha abale ake akusuzumira pawindo.

Apo ndi pomwe ndinaimirira n'kudziguguda pachifuwa kuti nkhani ya nsalu andisiyire ine. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pa zonenerera mtengo ndine pulofesa.

Ndinazungulira m'mashopu a amwenye, mitengo yake yothawitsa. Ndinavundukula kaunjika mumsika, osapeza madiresi ofanana. Pobwerera ndinapatukira kwa mnzanga wa pabawo, kalipentala wokhoma mabokosi m'mbali mwa msewu ku Biwi. Zaka zimenezo mabokosi ankayenda malonda kuposa mipando. Pakona pa shedi yake panali mpukutu wa nsalu yonyezimira, mtundu wa maluwa a jakaranda, yokhala ndi tinkhunda ting'onoting'ono. Anandiuza poyera kuti ndi yoyala m'mabokosi a anthu olemera, koma mtundu umenewo wangofika kumene, sanagonekepo munthu ndi mmodzi yemwe. Analumbira mpaka kunyambita chala n'kuloza kumwamba. Galu wa munthu ameneyo. Anandipatsa pa mtengo wongotaya.

Mumtima ndinati nsalu ndi nsalu, siidziwa kumene ikupita. Kwa telala wathu wa pakhonde, Che Jafali, ndinanama kuti yachokera ku Tanzania. Anasoka mwaluso, ndipo atsikana atayesa, ngakhale mayi wa ku Area 47 uja anandinong'oneza kuti ndimuuze shopu yake. Ndinati chimenecho n'chinsinsi cha akuluakulu. Masiku amenewo ndinkayenda ngati ndagula Kawale yense.

Kutchalitchi kunadutsa bwino, chifukwa mayi ake a mkwati anafika mochedwa n'kukhala kumbuyo. Mayiwa anali atangovula kumene zakuda, amuna awo anamwalira chaka cham'mbuyo mwake. Kuholo anawakhazika kutsogolo penipeni, pamene mzere umadutsa. Nyimbo italira, atsikana analowa akudula masitepe, nthungululu zili pamwamba. Ndinangoona mayi aja atambasula dzanja, agwira mpendero wa diresi la mtsikana woyamba, n'kuuyandikiza kumaso. Kenaka anayamba kulira, osati kulira kwa chimwemwe, koma kuja timamva pasiwa.

"Tinkhunda iti ndikutidziwa," anatero. "Bambo ake a mkwatiyu anagona pa nsalu imeneyi. Ndinakhala kumutu kwa bokosi ine, ndinkaisalaza ndi dzanja langali. Mwatibweretsera maliro pa ukwati, mukufuna atsatire ndani?"

Woimba nyimbo anazimitsa choimbira chake. Atsikana anathawira kuseri kwa holo akudzikanda ngati avala chitedze, ndipo anabwerako atafunda zitenje za amayi awo. A kuchimuna ambiri ananyamuka, nsima ndi nyama osalawa. Nthawi ya perekaniperekani lichero linkangoyenda lokha pakati pa mipando yopanda anthu. Tiyamike anatukula velo n'kundiyang'ana.

"Malume, munkadziwa?"



M'mawa mwake ndinathamangira ku Biwi nditakunga zibakera. Mnzanga uja sanasiye n'komwe kupala thabwa. Anati iwe unkafuna yotchipa, ine ndinkafuna kugulitsa, ndipo onse amene ndinawagonekapo palibe anabwerako kudzadandaula. Akanapanda kundigwira anthu, bwenzi tsiku limenelo atadziyeza yekha m'katundu wake.

Banja la Tiyamike lilipo, koma taonani mmene likukhalira. Wina akangotsokomola m'nyumbamo, apongozi ake amati ndi nsalu ija. Mwana wawo woyamba atadwala malungo, Tiyamike anabwezedwa kwa amake kuti akafunse abale ake chimene ankafuna. Mwanayo anachira ndi mankhwala a kuchipatala, koma mawu aja sanachire. Unkhoswe anandilanda n'kupatsa mng'ono wanga, munthu woti sangathe kuweruza ngakhale ndewu ya nkhuku.

Ndimakwiyira mayi wa ku Area 47 uja, amene anafuna kuonetsera pa ukwati wa mwana wa eni. Ndimakwiyira kalipentala wabodza uja. Ndimakwiyiranso anthu okhulupirira kuti nsalu ingaphe munthu. Koma ndikamaliza onsewo ndimapeza kuti amene ananyamula mpukutu paphewa, n'kunamiza telala, n'kunamiza komiti, ndi ine ndemwe.

Choncho inu owerenga, kutchipa si tchimo ayi. Chitenje wamba cha mumsika, chosokedwa bwino, chikanawakhala ana aja ndipo palibe akanalira. Ngati atsikana anu sangakwanitse diresi lodula, nenani poyera, mutengane ndi azimayi a mbali zonse ziwiri mukasankhire limodzi. Ndipo chinthu chimene simungathe kutchula kumene mwachigula pamaso pa apongozi, chisiyeni pomwepo, ngakhale akupatseni ulere. Ine mwana wa Tiyamike sindinamunyamulepo. Ndimangomuona patali akuchokera kusukulu, ndipo anzake akandiloza, iye amawauza kuti awo ndi agogo a mabokosi.