Thumba la Mchenga pa Chishalo

Amene amadutsa mumsewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi amaidziwa shedi ya a Tionenso, ngakhale ambiri sanalowemo. Ndi ya malata akale, ndipo panja pake pamakhala mageti, mafelemu a mawindo ndi mawilibala odikira eni ake. Dzinali si lobadwa nalo. Anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa ntchito ikatha, mwini wake atabwera kale ndi ngolo yodzatengera, bambowa ankakankhira chotchingira maso pamphumi, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Ayi, tionenso." Akatero ndiye kuti getilo ligonanso pomwepo.

Owotcherera zitsulo ali ndi kachitidwe kawo. Asanawotcherere zenizeni, amayamba aika timadontho m'makona kuti zitsulo zingogwirana, kuti china chikapindika athe kuchigumula n'kuyambiranso. Ena amaika timadonthoto m'mawa, masana n'kumaliza. A Tionenso ankatha kuchisiya chinthu pa timadontho mpaka chitachita dzimbiri. Koma chikatuluka m'manja mwawo sichinkabwereranso, choncho anthu ankawanyoza uku akubwera ndi ntchito ina.

Anali ndi mng'ono wawo mmodzi yekha, wopondana naye, amene aliyense ankamutcha Chigayo chifukwa cha kadyedwe kake. Ankagwira ntchito kocheka matabwa. Anali chimunthu chodzaza khomo, choseka mpaka malata kunjenjemera. Loweruka lililonse ankakwera ndi njinga yake pamwamba pa phiri la kuseri kwa tauni, pamene pali mlongoti wa mafoni, n'kutsika nayo m'kanjira ka otola nkhuni ngati wina akumuthamangitsa ndi chikwanje. Chapakati pa kanjirako pali miyala yosongoka yothithikana, ndipo pamenepo m'pamene njinga zake zonse zinkafera. Kachitsulo kolendewera pa tayala lakumbuyo, kamene kamasuntha tcheni posintha magiya, kankamenya mwala n'kuthyoka, tcheni n'kugwa, mwini wake n'kufika kumunsi wapansi, njinga ili paphewa.

"Achimwene, kathyokanso," ankatero akuiponya pakhomo pa shedi.

"Iwe, njinga anaipangira msewu. Phiri n'la mbuzi."

"Ndiye mundipangire njinga ya mbuzi."

Anaseka onse, koma a Tionenso mawuwo anawakhala mumtima. Tsiku lina ali kwa wogula zitsulo zakale, anaona njinga yamoto yakufa itang'ambika pamimba, magiya ake ali poyera. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Magiya a njinga yamoto salendewera kunja. Amakhala m'bokosi, akusamba mu oyilo, mwala suwafika. Bwanji osaika bokosi lotero pakati pa felemu, pamene pali zopalasira, tcheni n'kumangopita molunjika kumbuyo popanda chochisuntha?

Chigayo atamva anawanyamula achimwene akewo m'mwamba ngati mtolo wa udzu.

"Nditsitse, chitsiru iwe, anthu akuona!"

"Ithe liti?"

"Mvula isanagwe."

Ntchitoyo anaiyamba ndi mtima wonse. Magiya a njinga yamoto ndi olemera, ndiye ankawapala ndi tupa limodzilimodzi mpaka zala kutuluka matuza. Bokosi analipanga ndi zitsulo zopyapyala. Felemu anaidula pa mapaipi atsopano, n'kuimanga kuti mbali yakumbuyo izikwera ndi kutsika payokha, itagwiridwa ndi sipuling'i yaikulu ya pansi pa chishalo.

Nkhani ya sipuling'iyi n'njofunika kuimvetsa bwino. Wokwera akakhala pa chishalo, sipuling'i iyenera kutsika pang'ono ndi kulemera kwake. Ikatsika kwambiri, njinga imagunda pansi. Ikapanda kutsika, tayala silimamatira nthaka. Limangodumpha pamiyala n'kumuponya munthu. Choncho sipuling'i amaisankhira munthu wake, monga telala asokera malaya. Popeza Chigayo sakanatha kumakhala m'shedi tsiku lonse, a Tionenso anapita naye kwa wogula zitsulo uja, n'kumukweza pa sikelo, kenako n'kudzaza thumba ndi mchenga mpaka muvi wa sikelo utaima pamene unaima iye. Thumbalo analimangirira pa chishalo, n'kulemba mzere ndi choko pamene sipuling'i inafika. Chigayo anatenga choko chomwecho n'kulijambula maso ndi kamwa lalikulu.

"Ameneyu ndiye m'bale weniweni," anatero a Tionenso. "Sadya, safunsa mafunso."

"Muzimufunsa yemweyo ngati buleki ikugwira."

Mvula inagwa, inatha. Inagwanso. Njingayo inali itaima bwinobwino pakati pa shedi, yooneka yotha, koma yonse inali pa timadontho. Magiya ankalowa, ndipo munthu ankatha kusintha ngakhale asakupalasa, chinthu chimene a Tionenso ankanyadira mumtima. Koma giya yachitatu inkalira. Sikunali kulira koopsa, kanali kamluzu kakang'ono, konga ka ketulo imene yangoyamba kuwira. Kamluzu kameneka kanawatsegulitsa bokosi kambirimbiri. Ankakhetsa oyilo, kuyala magiya pa nyuzipepala, kupala apa, kuika kawaya apo, kutseka, kuzungulitsa tayala, n'kumvetsera. Fyii. "Ayi, tionenso."

Chigayo anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Akabwera ankakhala pa mgolo wa pakona osalankhula zambiri. Chakudya chimene mkazi wake ankamumangira ankachisiya theka, n'kupatsa galu wa pa depoti. Kenako anasiya ntchito ya matabwa. Kuchipatala anamupeza ndi chotupa m'matumbo.

Sikungakhale kulungama kunena kuti a Tionenso sanasamale. Kuchipatala ankapita. Koma akafika ankaima kumiyendo kwa bedi, maso ali pa mawilo ake, n'kumanena kuti amene anawotcherera bediyo sankaidziwa ntchito. Nkhope ya mng'ono wawo inkawakanika kuiyang'ana. Akatuluka ankathamangira kushedi n'kutsegulanso bokosi lija, akudziuza kuti mwana wa mayi awo sangamupatse chinthu cholira. M'shedimo Chigayo wa m'thumba anali yemwe uja, wonenepa, wakamwa lalikulu, atakhala pa chishalo mwakachetechete.

Lachinayi lina m'mawa mlamu wawo, mkazi wa Chigayo, anafika pakhomo pa shedi. Sanalowe. Anadikira kuti azimitse makina.

"Alamu, njinga ija ithe liti?"

"Yatsala pang'ono, mlamu. Giya yachitatu yokha ndiyo..."

"Alamu, mundikhululukire, sindinayambe ndakuyankhani mwamwano. Atitulutsa kuchipatala dzulo. Sanatitulutse chifukwa wachira. Mukundimva? Usiku sakamba za ana, sakamba za ine, akungokamba za miyala ya kuphiri ija. Giya yanuyo ilire, ilire mpaka itope. Wotcherani."

Anatembenuka n'kumapita, osadikira yankho.

A Tionenso anabwerera pa njinga ija, sipanala ili m'manja. Kenako anabwezera magiya m'bokosi mmene analili, n'kuthira oyilo, n'kumanga mabawuti. Anatsitsa chotchingira maso. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake anawotcherera mfundo iliyonse ya felemuyo, ndipo oyandikana nawo amati aka kanali koyamba kumva makina a m'shedimo akulira osapumira.

Loweruka, dalaivala wa kocheka matabwa, mnzake wa Chigayo, anabwera ndi lole. Anakweza njinga kumbuyo, thumba likadali pa chishalo, n'kudzera msewu wa mlongoti mpaka pamwamba. Kunali mphepo. Chigayo anatsika mothandizidwa ndi mkazi wake, atavala jekete ziwiri. Anaizungulira njingayo akuisisita, n'kugogoda bokosi la magiya ndi chala.

"Mwamanga kanyumba ndithu. Muli lendi mmenemu?"

"Takwera, usatitayitse nthawi."

"Imvani amene akunena za nthawi!"

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. A Tionenso anamasula thumba n'kulitsitsa pansi, sipuling'i n'kubwerera m'mwamba. Anagwira mahandulo kuti njinga isagwe, Chigayo n'kukweza mwendo pang'onopang'ono, n'kukhala.

Sipuling'i sinatsike.

A Tionenso anagwada kuti aone bwino. Mzere wa choko unali patali, pamene unali njinga ili yopanda munthu. Anaganiza kuti china chagwira, anagwedeza, anayang'ana mabawuti. Zonse zinali bwino. Pamenepo m'pamene anakweza maso. Anaona lamba wa mng'ono wawo, ataboola mabowo atsopano ndi msomali, nsonga yake ikulendewera mpaka pantchafu. Anaona mikono imene kale inkanyamula thabwa la anthu awiri, tsopano ikusambira m'manja a jekete. Anaona khosi, makutu amene anaoneka ngati akula, ndi maso aja, okhawo amene sanasinthe, akuwayang'ana.

Nthawi yonseyi iwo ankapangira njinga munthu wa m'thumba.

"Palibe vuto," anatero a Tionenso. "Kwa wa zitsulo uja kuli sipuling'i yofewa. Ndikaitenga Lolemba, ndikayesa bwinobwino, ndiye Loweruka likubwerali..."

"Achimwene."

"N'zosavuta, ndingomasula apa ndi apa..."

"Achimwene. Loweruka lake liti?"

Mlamu anayang'ana kumbali. Dalaivala anayamba kupukuta galasi la lole limene linali loyera kale.

Chigayo analoza thumba lija ndi chibwano. "Wakuba ndi uyu. Taonani mmene wanenepera, thupi langa lonse lili mwa iyeyu. Muuzeni andibwezere."

A Tionenso anamvetsa. Anavula ovolosi yawo, n'kumanga mfundo kumapeto kwa miyendo yake, n'kuipachika pa felemu pansi pa chishalo, mwendo uku mwendo uku. Anang'amba thumba pakamwa n'kuyamba kutapa mchenga ndi manja awiri, kuthira mwendo uwu, kuthira winawo, n'kuyang'ana mzere. Poyamba ankawerenga. Kenako anasiya, chifukwa dzanja lililonse la mchenga linali nyama ya m'bale wawo imene inachoka iwo akumvetsera giya. Mchenga wina unanyowa ndi zimene zinkagwa kumaso kwawo. Thumba litafika chapakati, sipuling'i inakhudza mzere.

"Basi," anatero Chigayo. "Ndakwanira."

Mlamu anamumanga chipewa cholimba pachibwano, chimene tsopano chinkagwedera, n'kuikamo mpango kuti chigwire. "Ukagwa usandiitane," anatero, koma manja ake anachedwa kuchoka pamasaya pake.

Chigayo anasiya buleki.

A Tionenso anathamanga pambuyo pake, ali ndi kabudula ndi malaya amkati okha, bambo wamkulu wa imvi, akuterereka ndi kugwira zitsamba. Njinga inawasiya pa kona yoyamba. Sankaionanso, ankangoimva. Kunalibe kuphokosera kwa tcheni kumene njinga zakale zija zinkachita. Kunali mkokomo wa matayala pa dothi louma, ndi kugunda kofewa kwa sipuling'i ikugwira ntchito yake. Kenako, chakumunsi kumene kuli miyala, kunamveka kamluzu kaja. Fyii. Waika yachitatu. A Tionenso anaima, kudikira kulira kwa chitsulo chothyoka.

Kamluzuko kanapitirira, kanatalikira, n'kuzimirira.

Anamupeza kunsi kwa miyala, pa kadambo kakang'ono ka udzu. Njinga inali itatsamira mtengo bwinobwino, mwini wake atagona chagada, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ankaseka, koma mawu sankatuluka.

"Tcheni chilipo?" anafunsa atapeza mpweya.

A Tionenso anayang'ana. "Chilipo."

"Ndadutsa, achimwene. Pakati penipeni, osatsika."

"Ndamva."

"Manja atha. Buleki sindingathenso kuifinya. Kumunsiko mudzamalize ndinu." Anapuma. "Yachitatu ikulira."

"Ndikudziwa. Ndiitsegula, mwina ndi..."

"Musaikhudze. Mwamva? Mukaitsegula ndidzakutsatani kutulo. Njinga yatha imeneyi."

Anamubereka kumsana mpaka pamene lole ikanafika. Anali wopepuka moti a Tionenso ankangotembenuka kuti aone ngati akadalipo.

Chigayo sanakwerenso phirilo. Anamwalira mvula ya chaka chimenecho isanagwe.

A Tionenso akadali m'shedi yomwe ija. Makasitomala amati masiku ano geti limatuluka tsiku limene analonjeza, ngakhale dzina lija silinawachoke. Thumba lili pakona, pafupi ndi mgolo, lofota, nkhope ya choko itakwinyika. Mlamu wawo anabwera tsiku lina kudzatenga wilibala, analiyang'ana, n'kuliwongola pang'ono kuti likhale bwino.

Loweruka amatseka shedi masana n'kukankha njinga ija kupita kuphiri. Anapeza kuti iwo safunika mchenga: akakhala pa chishalo, sipuling'i imatsika mpaka pamzere ndendende. Sadziwa kutsika phiri. Amafinya mabuleki njira yonse, ndipo pamiyala paja amatsika n'kuyenda wapansi, otola nkhuni akuwaseka. Koma akafika pa kadambo kaja amakweranso, chifukwa kuyambira pamenepo mpaka kumunsi ndi gawo limene anasiyiridwa. Amaika giya yachitatu. Khutu lawo la mmisiri limadziwa bwino lomwe dzino limene likulira, ndipo sipanala yotsegulira bokosilo imakhala m'thumba la ovolosi, ikuwagunda pantchafu. Amaisiya momwemo, n'kutsika akumvetsera.