Mphuno ya Ustadi wa Magiya

Mkulu wa galaja ya kuseri kwa msika wa zitsulo ku Rawalpindi alibe kompyuta, ndipo safuna n'kuimva komwe. Zida zawo ndi mphuno, khutu ndi kansalu koyera kosachoka paphewa. Tonse timawatchula kuti Ustadi, kutanthauza katswiri. Ukawabweretsera galimoto sataya nthawi kukufunsa. Amati eni galimoto onse ndi abodza, koma oyilo sanama.

Sabata yatha kunabwera Mushtaq ndi tekisi yake yokalamba, nkhope ili yakugwa. Pachitunda chopita ku Murree injini inkangokuwa galimoto osakoka, mpaka anthu anatsika n'kukwera ina. Anyamata a pagalaja ina yoyezera magalimoto ndi makompyuta anali atagamula kale kuti giyabokosi yafa, akagulitse galimotoyo kwa ophwasula.

Ustadi analiza injini n'kuisiya kuti itenthe, iwo akumwa tiyi mosathamanga. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, kupukutira pakansalu kaja, n'kununkhiza.

"Wofiira bwinobwino, fungo la kupserera palibe. Koma watsala wa kunsonga kokha. Umayeza nthawi yanji iwe?"

"M'mamawa, Ustadi, ndisanalize injini."

"Ndiye kupusako! Oyilo wa magiya amayezedwa injini itatentha, ikulira. Umamufunsa ali m'tulo, akuyankhe zoona?"

Anakwawira kunsi, anapeza kapaipi kodontha, anakamanga, n'kuthira mabotolo awiri a oyilo. Masana omwewo tekisi inakwera chitunda chija osapumira, Ustadi ali momwemo, Mushtaq akumenya chiwongolero ndi chimwemwe.

Pobwerera Ustadi analamula Mushtaq kuti adzere kwa anyamata a makompyuta aja.

"Liza hutala, mwanawe. Auze kuti maliro a giyabokosi aja alephereka."