Cream Wanga Pamwamba pa Green Wake

Anzanga, ndiloleni ndikhuthule za kumtima, mwina ndipepukidwa.

Ine ndimagulitsa penti mu hardware ya amalume. Tsiku lina kunabwera mwamuna wina wofatsa, n'kungoima akuyang'ana zitini ziwiri, cream ndi green wodera.

"Achimwene, mugula kapena mukudikira kuti zitinizo zikupatseni moni?"

Anaseka. "Ndithandizeni chemwali. Wabwino kuchipinda ndi uti?"

"Cream! Amawalitsa chipinda. Green ameneyo ndi mdima wokhawokha."

Penti sanagule, koma nambala yanga anapita nayo.

Sanandibisire kuti mkazi wake anamwalira. Ine ndi matama anga ndinati bala limenelo ndipoletsa ndine. Ndinamukonda munthu uja anzanga, mpaka amalume anayamba kudandaula kuti ndikumwetulira ma customer osagula.

Titayamba kukamba za ukwati anandionetsa chipinda chake. Makoma onse green yemwe uja.

"Ulowa muno ndiwe. Sankha mtundu."

"Cream. Koma tiyambe ndi undercoat, penti wophimba wakaleyu, apo ayi green azionekera pansi."

"Ayi... tingopaka choncho."

Tinapaka tonse Loweruka, tikuseka, penti mpaka m'tsitsi. Atauma, green uja anayamba kusuzumira. Tinabwereza, koma ankaonekabe.

Nditadandaula kwa mlongo wake, anausa moyo. "Alamu, sanakuuzeni? Green ameneyo anapaka malemu ndi manja awo, asanayambe kudwala."

Ndinamva kuwawa, koma sindinagonje. M'mawa mwake ndinanyamula chitini cha undercoat kupita kwa mwamuna uja.

Fungo la penti linandichingamira pakhomo. Ndinamupeza bulashi ili m'manja, maso ali psuu, khoma limodzi atalibwezera kale green.

"Pepa," anatero. "Chipakireni cream sindikugona. Ndikumva ngati ndamuika m'manda kachiwiri."

"Nanga ine malo anga ali pati muno?"

Anangoyang'ana pansi, penti akudontha pa phazi lake.

Akanakhala mkazi wamoyo ndikanamanga chitenje n'kulimbana naye. Koma malemu ungalimbane naye bwanji? Sindinatukwane. Ndinatola chitini changa n'kutuluka, misozi ili chuchuchu msewu wonse.

Anzanga, munthu akakana undercoat muzifunsa chimene akusunga pansipo. Ine sindinafunse.

Nditabweza chitini pa shelefu, amalume anandiyang'ana.

"Customer wakana?"

"Eya malume. Wakana."