Mankhwala Amene Anali M'chikwama cha Malemu

Zimene ndilembe panozi si nthano, ndipo sindinawonjezerepo kanthu. Zinachitikira ine ndi mwana wanga wamkazi zaka zitatu zapitazo kumapiri a ku Ntchisi, ndipo amene anaziona alipo mpaka lero, ngakhale sinditchula dzina la aliyense. Ndine munthu wosakonda kukamba za m'nyumba mwanga, koma ndazindikira kuti kukhala chete kumeneko n'kumene kunatsala pang'ono kundiphera mwana.

Ndine mlangizi wa zaulimi cha ku Bowe, m'boma la Dowa. Mkazi wanga anali wa ku Ntchisi, ndipo tinabereka mwana mmodzi. Ali wakhanda ankangogona, osalira, osayamwa bwino, moti anthu ankatiyamikira kuti tabereka mwana wofatsa. Mayi ake okha ndi amene sanakhutire, anayenda naye m'zipatala mpaka ku Lilongwe, kumene anamuyeza magazi n'kutiuza kuti kachiwalo ka pakhosi kotchedwa chithokomiro sikagwira ntchito mokwanira. Anati kachiwalo kameneka ndi kamene kamathandiza kuti thupi lizitentha, lizikula, mutu uzichangamuka, ndipo poti kake n'kofooka, ayenera kumwa kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse asanadye chilichonse, mwina moyo wake wonse.

Kuyambira pamenepo ntchito imeneyo inali ya mayi ake. Ine ndinkangoonera ndikumanga nsapato: kapiritsi koyera, kakang'ono ngati njere ya mapira, kukaphwanya pasupuni, timadzi pang'ono, kenako kudikira kanthawi phala lisanabwere. Botolo ankalisunga m'chikwama chake cha m'manja pamodzi ndi timabuku tiwiri ta kuchipatala, kake ndi ka mwana, tomangidwa ndi mphira umodzi, chifukwa ankati chikwamacho ndicho sasiyana nacho. Mwana anakula bwino, wolongolola, wothamanga, wosamva kuitana. Kodi munthu ukamaona mwana akulendewera panthambi ya mpeyala umakumbukira kuti ali ndi matenda?

Mkazi wanga anamwalira mwezi wa Julaye pa ngozi ya njinga yamoto, akuchokera kumsika. Za tsiku limenelo sindilemba. Tinakamuika kwawo, mwana ali ndi zaka zinayi. Pa tsiku lometa akuluakulu a kuchikazi anagamula kuti mwana atsale ndi agogo ake, monga timachitira, ati mwamuna wokhala yekha, wozungulira m'minda ya anthu tsiku lonse, angasamale bwanji mwana wamkazi? Sindinatsutse, mutu sunkagwira. Ndinangouza alamu anga, achimwene ake a malemu, kuti mwanayo amamwa mankhwala m'mawa uliwonse, ndipo ali m'chikwama cha mayi ake. Iwo anandigwira phewa n'kunena kuti ndisaganizeganize, akawauza amayi.

Mwina mufunsa, bwanji sunawauze wekha apongozi akowo? Amene munakulira kuno mukudziwa. Mkamwini saima pamaso pa apongozi ake aakazi n'kumawapatsa malangizo. Zaka zonse za ukwati wanga sindinalankhulepo nawo kupyola moni, ndipo moniwo ndinkapereka nditanyonyomala chapatali, maso ali kumbali. Mawu onse ankadutsira kwa mkazi wanga, ndipo iye atapita anayamba kudutsira kwa alamu. Alamu angawo ndi munthu wabwino, wanthabwala, koma mawu ukawapatsa m'mawa, pofika masana amakhala atawaiwala pa bawo.

Ndinkawaimbira foni Lamlungu lililonse. Ankandiuza moseka kuti mwana wanga wanenepa, masaya ngati mandasi, ndipo wasiya kuvuta, ati mwina chimanga cha ku Ntchisi chimaposa cha ku Dowa. Ndinapitako kamodzi mu Ogasiti n'kumupeza ali mtulo masana, atavala juzi. Kumapiri kuja mwezi umenewo kumazizirabe, ndiye sindinadabwe. Ndinasiya sopo ndi shuga n'kubwerera asanadzuke, ndipo ndivomere pano chimene sindinauzepo munthu: mtima unapepuka kuti sanadzuke, chifukwa maso ake ndi a mayi ake, ndipo sindinkatha kuwayang'ana.

Kunyumba kwanga kalendala ya pakhoma inali idakali pa Julaye. Loweruka lina mu Okutobala, m'mawa, ndikusesa, ndinaganiza zoitembenuza. Nditafika pa mwezi umene tinalimowo ndinaona tsiku lina litazunguliridwa ndi cholembera chofiira, ndipo pambali pake, m'zilembo zopendeka za mkazi wanga, panalembedwa kuti kukatenga mankhwala a mwana. Tsikulo linali litadutsa ndi sabata yathunthu. Ndinaima ndi tsache m'manja. Ngati botolo linatha sabata yatha, bwanji palibe wandiimbira? Ngati silinathe, latsala bwanji? Foni ya alamu sinkapezeka. Ndinakwera minibasi, kenako ndinayenda wapansi kukwera mapiri, chifukwa chimwalirireni mkazi wanga ndinali nditalumbira kuti njinga yamoto sindidzakweranso.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa Okutobala kuja koti ngakhale nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe. Anthu onse anali m'mithunzi ya mango. Munthu mmodzi yekha ndiye anali padzuwa, atatsamira khoma la nyumba, atavala juzi, atafundanso chitenje chimene ndinachizindikira ndili patali, cha mayi ake. Ndinamuitana dzina. Mwana amene kale ankandimva ndikadali kudambo n'kuthamanga mpaka kugwa, anangotembenuza mutu pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

Abale anga, nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Inali yotupa, zikope zolemera, milomo yokhuthala, khungu lotuwa ngati lawazidwa phulusa. Ndinali nditaionapo kale nkhope imeneyo, kamodzi kokha, pamene anatsegula bokosi kuti tione mayi ake komaliza. Nditamugwira dzanja linali lozizira, kuzizira kumene ndinali nditakugwirapo kale. Kenako analankhula, ndipo mawuwo sanali a mwana wa zaka zinayi, anali aakulu, osasa, otuluka limodzilimodzi. Anati ababa, akumva kuzizira, akufuna akagone kumene agona amayi.

Alamu anabwera akuthamanga, nthabwala zonse zitawathera. Anati zinayamba pang'onopang'ono, kugona masana, kukana kusewera, masiku anayi kapena asanu osapita kuchimbudzi, tsitsi kutsalira pamkeka. Anamuyezetsa malungo, sanapezeke. Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera kawiri. Tsopano akuluakulu anali atagwirizana kuti mayi ake ndi amene akumuitana, ati mayi wochoka mwadzidzidzi salola kusiya mwana, ndipo mawa lake m'mawa amafuna apite kumanda akamudandaulire kuti amusiye. Ine sanandiuze poopa kundiwonjezera chisoni.

Ndinapita ku koleji, ndimaphunzitsa alimi kuti chimanga chikachita chikasu si kuti wina walodza munda. Koma ndinene zoona, kwa kanthawi ndithu ndinakhulupirira. Ndinanyonyomala padzuwa paja, ndikulankhula ndi mkazi wanga mumtima kuti ngati akufuna munthu atenge ine. Mukanakhala inu, mutaona nkhope ija ndi kumva mawu aja, mukanaganiza chiyani?

Chimene chinandidzutsa ndi cholembera chofiira chija. Ndinafunsa alamu kuti andibweretsere botolo la mankhwala. Anakanda kumutu, n'kuyang'ana pansi, n'kunena kuti akukumbukira kuti ndinanenapo kanthu tsiku lometa lija, koma mmene zinthu zinalili, alamu, mukudziwa nokha. Sindinadikire kuti amalize. Ndinadutsa pabwalo kupita kumene apongozi anga ankatong'ola mtedza ndi amayi ena, ndinaima chilili pamaso pawo, ndinawayang'ana kumaso, n'kuwafunsa kuti chikwama cha mayi a mwanayu chili kuti. Amayi enawo anagwira pakamwa. Wina ananong'ona kuti chisoni chamuzunguza mutu mwamunayu.

Apongozi anatembenukira kumbali, n'kuyankha ngati akuuza lichero. Anati chikwama chilipo, koma mankhwala amene anali mmenemo anawataya m'chimbudzi tsiku logawa katundu, chifukwa mankhwala a munthu womwalira sasungidwa m'nyumba, ndipo ndani angatenge za m'chikwama cha malemu n'kumwetsa mwana wamoyo? Iwo ankayesa kuti anali a mwana wawo. Za mdzukulu ankadziwa kuti anadwalapo ali wakhanda, koma si anachira kalekale? Nditafunsa za kabuku ka kuchipatala, anati timabuku tija tinali tomangidwa pamodzi, ndipo anatiika m'bokosi, kumutu kwa malemu.

Panali patatha miyezi itatu mwana osamwa kapiritsi ngakhale kamodzi. Nditawauza kuti mankhwalawo anali a mdzukulu wawo, ndipo popanda amenewo thupi lake limazima ngati moto wosasonkhezera, lichero linagwa pansi, mtedza n'kumwazika pabwalo. Sanalire. Anaitanitsa wanjinga yamoto, ndipo ine ndinakwera, lumbiro langa lonse n'kuliiwala pomwepo. Kenako mayi amene kwa zaka zonsezi sanandiyandikirepo anamuika mwana pachifuwa panga, anatizunguliza tonse awiri chitenje chija, n'kumanga mfundo pamsana panga ndi manja awo. Anandiuza, akundiyang'ana m'maso, kuti bambo, musamulole agone.

Njira yonse yotsetsereka ija ndinkamuitana dzina, ndikumufunsa mayina a mbuzi za agogo ake, a agalu, chilichonse. Ankayankha mochedwa, nthawi zina osayankha, ndipo ndinkalowetsa dzanja m'chitenje kufunafuna mtima wake, umene unkagunda mwaulesi ngati nawonso ukuwodzera.

Kuchipatala cha mishoni, kumene mayi ake ankakatengako mankhwala, adokotala anandifunsa dzina la mankhwalawo ndi mlingo wake. Ine amene ndimadziwa pamtima mlingo wa feteleza pa phando lililonse, ndinkangodziwa kuti ndi kapiritsi koyera. Amene anandipulumutsa ndi anamwino ena achikulire amene anamuyang'anitsitsa mwanayo n'kufunsa ngati mayi ake si aja a chikwama chobiriwira, amene sankaphonya tsiku. Anafunsanso kuti bwanji sanabwere mwezi uno. Nditawauza, anapita kukafufuza m'mabuku awo n'kupeza zonse.

Anamugoneka m'chipatala, anatenga magazi kukayeza, n'kumuyambitsanso mankhwala. Mantha atandikulira ndinafunsa ngati sitingamupatse atatu kapena anayi patsiku kuti tibwezeretse masiku otayika. Adokotala anandidzudzula ngati mwana wasukulu, ati ndikufuna kuthyola mtima wa mwanayu? Ati mankhwala amenewa sathamangitsidwa, ndipo sawonjezeredwa kapena kuchepetsedwa popanda kuyeza magazi. Anandiuzanso chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero, kuti akanakhala wamng'ono kuposa apa, miyezi imeneyi ikanatha kuwononga ubongo wake kosabwereranso.

Kuchira kunali kochedwa, moti sabata yoyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndinkangozungulira pakhonde la chipatala ngati galu womangidwa. Kenako kutupa kunayamba kuphwa, mawu kupyapyala. Patapita masabata angapo, tili kunyumba kwanga, anavula juzi ija n'kuiponya pansi, ati ikumutentha, n'kuyamba kukangana za nthochi ndi agogo ake, amene anabwera nafe. Ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira.

Lero amakhala ndi ine, ndipo wayamba sukulu. Ndimayang'ana makope ake kuposa mmene makolo ena amachitira, ndipo akalakwitsa samu imodzi ndimadzifunsa ngati ndi ubwana chabe kapena ndi miyezi itatu ija. Kapiritsi ndimamupatsa ndekha ndisanamange nsapato, dzina lake ndi mlingo wake ndinalemba kuseri kwa chitseko. Apongozi amabwera kudzakhala nafe akakolola, timalankhulana maso ndi maso, ndipo iwo ndi okhwima kuposa ine, phala la soya silifika pafupi ndi mwana nthawi isanakwane, ngakhale alire chotani. Sindinawaimbepo mlandu. Anachita zimene anaphunzitsidwa, monganso ine ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa.

Za akufa sindidziwa zambiri, ndipo sinditsutsana ndi akuluakulu a kumudzi kuja. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mkazi wanga sankamuitana mwana wake. Munthu amene kwa zaka zinayi sanaphonye m'mawa ngakhale umodzi sakanatero. Ngati pali amene mkazi wanga anamuitana, ndi ine, pa kalendala ya pakhoma ija, ndipo ndinachedwa kumva ndi sabata yathunthu chifukwa ndinkaopa kutembenuza pepala.

Ndiye inu amene m'nyumba mwanu muli munthu womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, musalole kuti akhale m'mutu mwa munthu mmodzi ndi m'chikwama chimodzi. Kuoneka wathanzi si kuchira, mwina ndi kapiritsiko kamene kamugwirizira. Ndipo maliro akagwa, musanataye botolo lililonse m'chimbudzi, funsani kuti ndi la yani. Ngati woti afunsidwe ndi apongozi, afunseni muli chilili. Manyazi ndinawasunga bwino zaka zonse zija, koma si amene anamupulumutsa mwana wanga padzuwa la Okutobala lija.