Oyilo Wakuda wa Bambo Anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Masasa, mumzinda wa Mzuzu, m'nyumba ya lendi, ine ndili ndi chipere pamutu. Chinayamba chaching'ono pamwamba pa khutu, kenako chinabereka anzake, tsitsi n'kumasosoka lokha. Kusukulu anyamata ankanditchula kuti Mapu, ati mutu wanga uli ndi nyanja ndi maboma onse. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, mutu nditautsamiritsa kukhoma, kuti mbali yachipereyo isaoneke.

Makolo anga anachokera ku Mulanje ine ndisanabadwe. Mayi ankagulitsa tomato pamsewu. Bambo ankakonza tiinjini ting'onoting'ono, majenereta, njinga zamoto, makina otchetchera kapinga. Analibe galaja, ankangonyamula chikwama cha masipanala n'kupita kumene aitanidwa. Mmodzi mwa anthu owaitana anali bwana wina wachikulire wa ku Nkhorongo, wodwala mwendo, amene anali ndi kagalimoto ka gofu koyendera petulo. Kanalibe zitseko, kadenga kokha pamwamba. Gofuyo bwanayo anasiya kalekale, koma ankakwera kagalimotoko pokaona nthochi ndi nkhuku kumunsi kwa munda wake.

Loweruka lina mayi anapita kumaliro, ndiye bambo ananditenga. Kunali nkhungu ija ya ku Mzuzu yonyowetsa juzi mvula usanaione. Titafika, bambo analiza injini kanthawi n'kuzimitsa, ati oyilo wozizira ndi waulesi, satuluka yense. Kenako anatukula mpando, ine n'kudabwa kuona kuti injini ili pansi pomwe munthu amakhala. Anayala katoni, anagona chagada, analowetsa beseni lakale kunsi, n'kumasula bawuti. Oyilo anatsika wakuda bii, wofunda, fungo lake lokanda kukhosi.

Ndinafunsa kuti, "Ababa, mukutayiranji? Si akadali wambiri?"

"Watha ntchito ameneyu. Taona."

Anaviika chala m'beseni, n'kutikita, n'kundionetsa. Munali tinthu tonyezimira ngati mchenga wosalala.

"Izi ndi zitsulo zoperepeseka, ndi mwaye. Ukamusiya m'katimo amadya injini."

Anadikira mpaka dontho lomaliza, osafulumira. Anamanga bawuti, anathira oyilo watsopano kudzera m'botolo lodula pakati, wowala ngati uchi. Anasolola kachitsulo koyezera, anapukuta, anabwezera, anasololanso n'kukayang'ana chapafupi ndi maso. Ine ndinaima pambali ndikunyada. Bwana anatipatsa tiyi ndi buledi, n'kunena kuti oyilo wakaleyo titenge, alibe naye ntchito. Bambo anamukhuthulira m'chigubu n'kumangirira panjinga.

Ku Masasa oyilo wakuda sankatayidwa. Wina ankapaka mafelemu a zitseko kuti chiswe chisadye, wina ankathira m'chimbudzi kuti fungo lichepe, wina pa tayala la wilibala. Chigubu chikafika, anthu ankabwera ndi tizitini. Woyamba tsikulo anali aNyaGondwe, oyandikana nawo nyumba, mayi wabwino ndithu amene ankatigawira masamba a m'dimba mwawo. Akudikira kuti awathirire, anandigwira chibwano n'kutembenuza mutu wanga.

"Adada, mankhwala muli nawo m'nyumba, mwana n'kumayenda ndi mutu wotere? Mumumete, mupale pang'ono, mupake ameneyu. Wanga wachiwiri anapola nawo. Ngwamphamvu chomene."

Bambo anati, "Timati tipite naye kuchipatala."

"Mukataye tsiku pamzere? Kenako akakunyozeni pagulu kuti simusambitsa mwana?"

Bambo anangopitiriza kuthira oyilo m'chitini. Mayi atabwera n'kumva, nawonso sanatsutse, chifukwa anali atakalipiridwapo kuchipatala. Ine ndinkangoganiza za Lolemba ndi anyamata aja. Ndinakoka malaya a bambo n'kunena kuti tingoyesa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anandikhazika pa kampando kuseri kwa nyumba. Anagula lezala latsopano. Anandimeta mosamala, anapala pazipere mpaka panafiira, ati kuti mankhwala alowe, n'kupaka oyiloyo ndi nthenga ya nkhuku, pang'onopang'ono, osadontheza ndi pakhosi pomwe. Zinaluma ngati tsabola. Mayi anandigwira manja n'kunena kuti kuwawako ndiye kugwira ntchito kwake.

Lolemba dzina langa linasintha. Sindinalinso Mapu, ndinali Galaja. Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki anasamuka atatseka mphuno. Ndinapirira, ndikuti zitha. Koma pasanathe sabata mutu unatupa, panatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, mafinya n'kumata pakhungu duku limene ndinkabisira mutu. M'khosi munatuluka mwanabere. Thupi linatentha mpaka ndinkaona denga likuyenda. M'mawa mwake bambo anasiya ntchito imene anaitanidwa, anandikweza panjinga, atavala ovolosi yawo yomweyo, mpaka kuchipatala.

Anesi anali mayi wamfupi wa magalasi. Ananyowetsa duku ndi madzi n'kumalimatula pang'onopang'ono, ine ndikuluma mlomo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo anthu a pabenchi panja ankamva zonse. Duku litachoka fungo linadzaza chipinda.

"Mwapaka chiyani apa?"

Bambo anayang'ana kumbali.

"Adada, ndikufunsa inu."

"Oyilo."

"Wophikira?"

"Wa injini."

"Watsopano?"

"Wotha ntchito."

Anesi anayang'ana ovolosi ija kuyambira pamapewa mpaka kumapazi. "Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine makaniko, mayi."

Sanakuwe ayi. Akanakuwa mwina zikanapepuka. Anangofunsa motsitsa mawu, thonje lili m'manja, kuti, "Ndiye mukamamuchotsa mu injini oyiloyu, mumamuchotseranji?"

Yankho ndinkalidziwa. Anali atandiuza okha, chala chili chakuda, ku Nkhorongo kuja. Ndinawayang'ana ndikudikira. Bambo anavula kapusi n'kuyamba kukapotokola m'manja ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Panja wina anaseka, wina n'kuti mwana wasanduka wilibala. Sindinawaonepo bambo anga ali aang'ono chonchija. Manyazi anandigwira kawiri, a mutu wanga wonunkha umene aliyense ankausuzumira pakhomo, ndi a munthu wamkulu uja ataima pakona maso ali pansi. Ndinalakalaka akanavala malaya a kutchalitchi. Ndinalakalaka pansi patatseguka tilowe tonse awiri.

Ananditsuka, anandibaya jakisoni, anatipatsa mapiritsi ndi mankhwala opaka. Potuluka tinadutsa pakati pa mabenchi aja, mutu wanga uli mbuu ndi bandeji, bambo akungothokoza kuti yewo, yewo, kwa anthu amene sanawachitire chilichonse.

Pobwerera sanakwere njinga, anangoikankha ine ndili pakaliyala. Titayandikira kwathu anaima, osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Ine ndinkadziwa, Idesi. Koma ndinaopa pakamwa pa anthu." Basi. Sanabwerezenso nkhaniyi mpaka lero. Chigubu chija sichinafikenso pakhomo pathu, ndipo aNyaGondwe ankauza anthu kuti vuto tinapaka wambiri. Mutu unapola patapita nthawi, koma pamwamba pa khutu pali malo pamene tsitsi linakana kumera.

Pano ndine mayi. Ndili ndi mwana wamwamuna wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndimaopa chilichonse. Akatsokomola ndimadzuka, akagona nthawi yaitali ndimaika chala pamphuno pake, akalira mosiyana ndi dzulo mtima umagunda mpaka m'makutu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, zambiri zolembedwa pamabotolo sindizimva, ndiye aliyense amaona ngati angandiphunzitse. Mwezi watha kunatuluka tizilonda kuseri kwa khutu lake. Tsiku lisanathe ndinali nditauzidwa za mankhwala otsukira mano, za phulusa la batire, za mafuta a mabuleki. Onse ankanena mokoma mtima, onse anali ndi mwana wawo amene anapola nazo. Ndipo ndisaname, ndinazengereza kupita naye kuchipatala. Ndinaganiza za benchi, za chitseko chotsegula, za funso limene ndingalephere kuyankha, n'kumva mawu m'mutu akuti ingoyesa, mawa uona.

Apo m'pamene ndinawamvetsa bambo anga. Kale ndinkaganiza kuti anasamala injini ya bwana kuposa mutu wanga. Si choncho. Injini sinkafuna kuti akaime pagulu n'kufunsidwa ngati amasambitsa mwana. Nzeru anali nazo, chikondi anali nacho, koma manyazi analowa pakati, ndipo manyazi amene anawathawa anakawapeza atakula, ine nditapsa kale.

Ndinabereka mwana kumbuyo n'kupita kuchipatala. Anesi anandikalipira ndithu, ati ndimamuveka zipewa zaubweya zambiri ndipo sindiumitsa kuseri kwa makutu. Amayi a pabenchi anamva. Nkhope inandiyaka, ndinati yewo, ndinalandira mankhwala, ndinatuluka. Pofika masana manyaziwo anali atatha, ndipo khungu la mwana wanga lili bwinobwino.

Bambo akadali amoyo, akukonzabe tiinjini tawo. Amabwera kudzaona mdzukulu akaweruka. Akafika sathamangira kumunyamula. Amapempha beseni ndi sopo, amakhala pakhonde, n'kusamba m'manja nthawi yaitali, kutokosa m'zikhadabo chimodzichimodzi, mwana akuwatambasulira manja n'kumalira. Ine sindiwafulumizitsa. Ndimangowawonjezera madzi.