Sitolo ya alamu, mlandu wa amayi

Mwaswera bwanji abale? Kuno ku Mauwa sikuli bwino.

M'mawa uno oyendera masitolo anafika pa golosale ya alamu, amuna ake a Lusiya. Anapeza mafuta ophikira ndi mkaka zoti masiku ake anatha kalekale, n'kutseka pompo. Alamuwo atangoona galimoto anakwera njinga, mpaka pano foni sakuyankha.

Mukukumbuka kuti tinakakamira tokha kuti sitoloyo ilembetsedwe m'dzina la amayi, poti malo ndi athu, mkamwini asadzachoke nayo ukwati ukatha? Anthu aja atawerenga chiphaso anafunsa mwini wake. Ndinawauza kuti amayi sanagulitsepo ngakhale machesi. Akuti pa bizinesi ya munthu mmodzi lamulo silisiyanitsa sitolo ndi mwini wake, woyankha mlandu ndi amene ali papepala.

Amayi tinakawatenga kudimba, matope ali m'miyendo. Anadinda chala pa kalata yowaitana kukayankha mlandu Lachinayi, kenako n'kundifunsa kuti, "Iwe Agnesi, ndalakwa chiyani ine?"

Panopa angokhala pakhonde, akupukuta inki pachala chija. Achimwene, nzeru ija munabweretsa ndinu. Lachinayi awaperekeze ndani?